Mchere wa m'Bokosi la Machesi

9 Okutobala

Okondedwa Ababa,

Choyamba ndifunse moyo wanu ndi wa Amayi. Mutu uja unaleka kugunda? Ine kuno ndili bwino ndipo ndinafika bwino, kungoti chikwama munandisokera chija chinaduka lamba pa siteshoni yomaliza, moti pachipata cha kampani ndinalowa nditachisenza pamutu ngati wodzagulitsa malonda. Musadandaule, ulusi wanu sunalakwe. Analakwa ndi mabuku anga.

Tsiku lonyamuka munandifunsa ngati zimene ndikukaweta zili nsomba kapena nkhanu, koma basi inali italiza kale hutala. Si nsomba, si nkhanunso. Anzanga ena amati tinkhanu, koma nkhanu imayenda cham'mbali pamene izi zimadumpha chammbuyo. Ine ndazitcha ziwala za m'madzi, chifukwa zili ndi ndevu zazitali, miyendo yambirimbiri ndi msana wopindika. Timaziweta m'maiwe okumba, khumi ndi awiri, m'madzi opopa kuchokera kunyanja yaikulu ya mchere. Zikakula amazisenda, kuziika m'madzi oundana n'kuzitumiza kumahotela.

Chipinda ndikukhala ndi mtsikana wina wogwira ntchito kosendako. Anthu amamutcha Wailesi, ndipo sanalakwitse, chifukwa alibe batani lozimitsira. Mphepo ya kuno ndi yamchere. Loko wa chitseko, zipi ya siketi, supuni, zonse dzimbiri. Makina anu osokera akanafera kuno mwezi umodzi usanathe.

Anditenga mongoyesa mpaka tidzakolole. Tikakolola adzanena wotsala ndi wopita. Pakalata analemba kuti ndine woyeza madzi, koma chifikireni ndikusenza matumba a chakudya cha ziwala. Kachipinda koyezerako ndinakapeza atasungamo majombo, makina oonera tizilombo atawafunditsa thumba. Akapitawo a pano amanditcha Adigiri. "Adigiri, thumbalo lilibe mayeso, ingonyamulani." Ndikunyamula, Ababa, koma sindinakhale zaka zinayi ndikuwerenga kuti ndidzapikisane ndi wilibala. Ndikufuna dziwe limodzi lokha, langalanga, ndiwaonetse.

Ndatumiza kangachepe ka mankhwala anu a BP. Sopo kuno ndi wodula kawiri, ndiye musaone ngati ndaumira. Tsono nkhani ya mchere. Adokotala anati muchepetse. Ine ndikuti musiyiretu, lero lomwe. Kuchepetsa ndi mawu a anthu osafuna kusintha. Amayi auchotse patebulo ndiponso m'khitchini.

Ndikudziwa mukuseka, mukuti fulumira adadya gaga. Sekani, koma mchere musiye.

Ndine mwana wanu,
Fulumira


6 Novembala

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Ine ndili gwa, mapewa okha ndiwo akudandaula.

Dziwe ndalipeza! Mwini wake wa malo ano amabwera mwa apo ndi apo, sazimitsa n'komwe galimoto. Ulendo uno ndinakaima pa chitseko chake. Ndinati, "Bwana, munalemba woyeza madzi kapena bulu? Ngati ndi bulu, mukumulipira zambiri." Wailesi akuti mtima wake unaima. Bwanayo anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kufunsa Akapitawo ngati pali dziwe loti andipatse. Akapitawo anati, "Lilipo, bwana, la kumapeto lija. Akaphunzire kuti ziwala siziwerenga mabuku."

La kumapetolo lili kumunsi, kumene madzi onse a mvula amathamangira. Akuti chaka chilichonse ndilo limayamba kufa. Andipatsa ngati mmene mumapatsira wophunzira nsalu yong'ambika kale. Ndalandira ndi manja awiri.

Mwafunsa kuti kodi mchere ndi ziwala zikugwirizana pati. Ndifotokoze ngati kwa telala. Chiwala chili ndi muyezo wake wa mchere m'magazi. Madzi akunja akakhala okolera bwino, chimangodya n'kumakula. Koma mchere ukatsika kapena kukwera mwadzidzidzi, chimasiya zonse n'kuyamba kulimbana ndi madziwo kuti magazi ake asasukuluke kapena kuwawa. Mphamvu zonse zimathera pamenepo, ndipo asilikali a m'thupi amachepa. Tsono pali kachilombo koyambitsa matenda a mawanga oyera. Nthawi zambiri kamakhala kalimo kale, kali phee, kudikira tsiku limene asilikali atope. Kakadzuka, dziwe lonse limatha sabata isanathe, ndipo kalibe mankhwala. Zili ngati mukusoka suti, mwini wake n'kumabwera ola lililonse ndi muyezo watsopano. Suti simutha, ndipo wakuba akalowa simumuona, maso ali pa tepi.

Ana a ziwala anabwera m'matumba a pulasitiki, ang'onoang'ono ngati zidutswa za ulusi. Suwakhuthula nthawi imodzi ayi. Umayandamitsa thumba padziwe, n'kumathiramo madzi a m'dziwemo kapu imodzi, kudikira, kapu ina, kudikira, mpaka azolowere. M'mawa wonse ndinakhala pansi ndi kapu. Ine Fulumira! Mukanandijambula.

Koma Ababa, ndamva. Amayi andiuza kuti mwasokerera kathumba kobisika m'kati mwa jekete, ndipo mumasungamo bokosi la machesi lodzaza mchere. Akuti mukamadya mumayamba mwayang'ana kudenga ngati mukupemphera, dzanja lili m'jekete. Luso munalitenga zaka makumi atatu mukulithera pa zimenezi? Amayi ndawauza asece majekete onse, ndi lija la kumaliro lomwe.

Denga la kuchipinda chosokera likonzedwe mvula isanayambe. Musaitane mmisiri uja wa chaka chatha, amakhoma misomali ndi pakamwa.

Mwana wanu,
Fulumira


11 Disembala

Okondedwa Ababa,

Moni wa kuno ndi wabwino. Za inu ndiye sizinandisangalatse. Amayi akuti chikulandeni bokosi lija mukungotola chakudya ngati nkhuku yodwala, ndipo thalauza mwalibweza m'chiuno kawiri. Akuti munawauza kuti ndiwo zikukoma ngati nsalu yonyowa. Pirirani, Ababa. Lilime lizolowera. Musandichititse manyazi, ine ndikulimbana ndi anthu osamva kuno, ndisalimbanenso ndi wina kwathu.

Mvula yoyamba yagwa. Tili ndi kachipangizo kangati tochi, umadonthezapo madzi n'kusuzumira, kamakuuza mchere. Tisanagone maiwe anali pa 25, kutacha ena anali pa 19. Akapitawo ali ndi njira yawo imene akhala akuchita chiyambire. Mvula ikangosiya amayatsa mapampu onse, madzi a kunyanja n'kulowa mwamkokomo, pofika masana mchere wabwerera pamene unali. Amatero akusisita m'manja, amvekere, "Ndakonza."

Ndinawauza kuti apo ziwala zamenyedwa kawiri. Mvula yazimenya potsitsa, pampu yazimenya pokweza. Komanso madzi olowa mothamanga amabwera ndi tinkhanu ta m'nyanja tonyamula kachilombo kaja.

"Adigiri," anatero, "ndiwo zikasukuluka mumatani kwanu? Simuthira mchere?"

Ndinati, "Timathira, koma ndiwo zimakhala zitafa kale."

Anthu anaseka, ndipo ndikuona kuti kusekako ndi kumene sanandikhululukire. Ukayenda siya phazi, munkatero. Ine mlomo ndinausiya pamenepo.

Kwanga ndikuchita zina. Madzi a mvula ndi opepuka, amayandama pamwamba pa amchere. Ndiye mvula ikamagwa ndimachotsa thabwa lapamwamba la potulukira, madzi osukulukawo n'kumasefukira kunja. Kenako ndimayatsa makina opalasa madzi kuti otsalawo asakanikirane, ndipo chakudya ndimachepetsa. Pafupi pali dziwe lakale losiyidwa. Ndasungamo madzi a kunyanja kuti agone, ndipo ndimawalowetsa ndi kapaipi konga chala chamanthu, kuti mchere uzikwera ngati mwana wophunzira kuyenda.

Ndili ndi umboni. Chiwala chili ndi magazi otuwira ku buluu. Ukawakoka pang'ono ndi jakisoni n'kudontheza pagalasi, cha mphamvu magazi ake amagwirana msanga, usanamalize kupukuta m'manja. A m'dziwe langa akugwirana. A m'maiwe opopedwa akumakhala madzimadzi nthawi yaitali. Ndinatengera Akapitawo galasilo. Anati, "Ine ndimagulitsa ziwala, sindigulitsa magazi."

Tchuthi sindibwera. Pali zina zimene zikuyankhulidwa pano, koma ndi za pakamwa, tidzakamba tikadzaonana. Ndalama ya denga ndaika m'kalata ya Amayi, chifukwa inu mukhoza kugulira mchere.

Mwana wanu,
Fulumira


15 Januwale

Ababa,

Ndili moyo, musade nkhawa. Inu muli bwanji? Mukudya?

Ndilemba mwachidule chifukwa zala zikuwawa pogwira cholembera. Masiku ano ndikuthandiza kosenda, limodzi ndi Wailesi. Ndi ntchito yabwino, ya pamthunzi. Mitu ya ziwala ili ndi kaminga, koma akuti khungu limakhwima.

Kunagwa chimvula chimene sindinachionepo, masiku angapo osapuma. Dziwe langa lasukuluka, mchere watsika mpaka 12. Pa chipata cholowera madzi a pampu pali loko tsopano. Ndinagula ndekha. Kiyi ali pa chingwe m'khosi mwangamu.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mankhwala mugule ndi ya denga yotsala ija. Amayi musawauze za kosenda, mungoti ndili bwino, chifukwa ndilidi bwino.

Walira mvula walira matope. Dziwe ndinalipempha ndekha.

Fulumira


12 Febuluwale

Okondedwa Ababa,

Kaphukusi kanu kafika. Wailesi ndiye anakalandira kuchipata, ndipo anabwera akukagwedeza kukhutu, amvekere, "Asisi, bambo anu akutumizirani mchenga?" Nditamasula nsalu, ndinapeza bokosi la machesi. Ndi kapepala kanu kaja: "Akuti dziwe lako lasowa mchere. Nawu wanga, Amayi ako abweza. Ine ndilibe nawo ntchito." Ndinaseka, kenako ndinatuluka panja pang'ono chifukwa m'chipinda munali utsi wa mbaula.

Mwati ndisakubisireni, mwana wa telala sabisa pong'ambika. Chabwino. Chimvula chija chitasiya, Akapitawo analamula kuti mapampu onse ayatsidwe, madzi alowe ndi m'dziwe langa momwe. Ndinawapempha, Ababa, mwaulemu wonse umene munandiphunzitsa, mpaka ndinagwira m'mawondo. Anakana. Ndiye ndinakamanga tcheni pachipata changa. Anabwera ndi anthu awiri ndi sowo yodulira zitsulo, ine n'kukhala pa tchenipo. Ndinati adule ndi mwendo womwe. Akapitawo anati, "Lisiyeni. Life ndi loko wake, bwana adzaone yekha zimene sukulu imachita." Mawa lake ndinapezeka kosenda, malipiro atadulidwa.

Dziwelo sanandiletse kuliona, bola ntchito yosenda isaime. Ndimapitako m'mawa tisanayambe ndiponso nthawi ya chakudya. Wailesi amandisendera gawo langa ndikachedwa, akutukwana njira yonse. Kapaipi kaja kanagwira ntchito yake. Mchere unakwera pang'ono lero, pang'ono mawa, ndipo zinanditengera pafupifupi masabata awiri kufika pamene anzanga anafika tsiku limodzi. Masiku amenewo ndinkafuna kudziluma. Pampu ili apo, kiyi ali m'khosi, ungotsegula basi zithe. Sindinatsegule.

Tsono matenda abwera. Zinayamba ndi mbalame. Ukaona mbalame zoyera zitaunjikana padziwe limodzi, dziwa kuti ziwala zayandama. Zimabwera m'mphepete, zofiirira, zosadya, ndipo ukasenda chigoba cha kumutu n'kuchiyang'anitsa padzuwa umaona timadontho toyera ngati munthu wawazapo ufa. Dziwe lachitatu linayamba, kenako lachinayi, kenako mzere wonse. Fungo lake silichoka m'tsitsi. Ena akolola msangamsanga tiziwala tosakhwima kuti apulumutseko kenakake.

Musaganize kuti ndikusangalala. Anthu amene ankandiseka aja ali ndi ana, ndipo ambiri auzidwa kale kuti apume kaye. Akapitawo aonda kuposa inu. Pali ena akuti matendawa ndinabweretsa ndine ndi jakisoni wanga uja, poti ndinkabaya ziwala za m'maiwe awo. Dzana wina anandilavulira pafupi ndi phazi pa mpope. Wailesi anamuuza mawu amene sindingalembe kwa bambo anga.

Langa likadali moyo. Ndamanga ulusi pamwamba pake kuti mbalame zisatere, ndipo aliyense wofika pafupi amaponda kaye m'beseni la mankhwala. Magazi akugwiranabe, ngakhale mochedwerapo. Sindikunama kuti kachilombo mulibe. Ndikudziwa kuti kalimo. Funso ndi lakuti ndani atope msanga, iko kapena asilikali. Ndikufuna masabata atatu okha kuti ziwala zifike pa msinkhu wogulitsa.

Bokosi lanu ndaliika pawindo. Mchere wake wayamba kulira ndi chinyezi, ndiye ndaukulunga m'pulasitiki. Koma mawu aja akuti mulibe nawo ntchito sanandikhazike mtima pansi. Amayi akuti mbale ikubwerera yodzaza.

Mwana wanu,
Fulumira


20 Malichi

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi Amayi. Ine ndili bwino, zala zapola, ndipo kosenda ndachokako.

Masabata atatu aja sanakwane. Sabata yachiwiri ili kumapeto ndinapeza ziwala zingapo m'mphepete, ndipo chimodzi chinali ndi timadontho tija. Sindinadikire kuti ndione chachiwiri. Ndinathamangira kwa Akapitawo ndi chigoba m'manja. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anangochiyang'ana padzuwa, n'kukuwa kuti anthu onse atenge makoka. Analowa m'madzi iwo eni mpaka m'chifuwa, bambo wamkulu ngati inu. Kiyi ndinawapatsa ndekha.

Tinakolola zoposa theka la zimene ndinaika, zazikulu bwino, zogulitsika. M'maiwe ena onse pamodzi sanapeze zofika pamenepo. Dziwe la kumapeto, Ababa, nsalu yong'ambika ija.

Bwana anabwera, ndipo ulendo uno anazimitsa galimoto. Akapitawo anamuuza kuti iwo ndiwo anaganiza zosiya dziwe limodzi osapopa, kuti tione. Ndinatsegula pakamwa, Wailesi n'kundiponda phazi mpaka chikhadabo chada. Ndinatseka. Mwina n'koyamba chibadwire.

Nditsala. Andilemba chaka chathunthu, kachipinda koyezera achotsamo majombo, ndipo andipatsa maiwe atatu ndi lakale lija logonekamo madzi. Atatu okha! Ndinapempha onse khumi ndi awiri. Ndinati njira yaoneka, tikudikiranso chiyani, tigule mapaipi, mapampu aja tiwaiwale, aliyense aphunzire kuyeza mwezi uno. Bwana anati tiona chaka chamawa. Ndinatuluka osatsanzika n'komwe.

Akapitawo anandipeza kuseri kwa nyumba yosungira chakudya. Anati, "Adigiri, ndikufunseni. Ziwala zanu mumazithirira ndi kapu, m'mawa wonse, kuti zisadzidzimuke. Nanga ife anthu mukufuna kutikhuthulira m'dziwe tsiku limodzi? Ifenso tili ndi magazitu." Kenako anandipempha kuti ndiwaonetse posuzumira pa kachipangizo kaja, poti maso awo saona bwino manambala, koma pasakhale anthu. Kachipangizo ndinawaonetsa.

M'kaphukusi aka muli ndalama ya mankhwala ya miyezi iwiri, nsalu ya Amayi, ndi bokosi lanu la machesi. Ndikubweza. Mukalitsegula muona kuti silodzaza ngati mmene linabwerera, ndatapako pang'ono. Amayi ndawalembera kuti ayambenso kuthira mchere m'ndiwo, wochepa kuposa kale, ndipo sabata iliyonse azichepetsako pang'ono kwambiri, koti lilime lisazindikire. Bokosilo likatha azikudzazirani, koma mulingo wake uzitsika. Adokotala aja ananena bwino, muwauze kuti ndatero, koma musawauze mokweza. BP mukayezetse kumapeto kwa mwezi ndipo mundilembere manambala ake enieni, osati akuti "ili bwino." Kathumba ka m'jekete musakaphwasule. Ndi ntchito yaukhondo, Amayi akuti msoko wake suoneka n'komwe.

Idyani, Ababa. Thalauza lija ndikufuna mulimasulenso m'chiuno.

Koma musafulumire kundisintha dzina. Ana a ziwala atsopano afika mwezi wamawa, ndipo makapu ndagula anayi, imodzi ndi ya Akapitawo. Mvula ikamadzagwanso ndidzakhala ndi maiwe asanu ndi limodzi, ndipo ikadzagwa ina, onse. Ndawerengera kale.

Ndine mwana wanu yemwe uja,
Fulumira